Ikweta ya pamsipu wa mbuzi

Kumudzi kwa akazi anga, kudera la a Kanduku, kuli dzina lomwe anthu ankanditchula ndikakhala kulibe. Masiku ano ena amalitchula ine ndili pomwepo. Dzinalo ndi lakuti Atsamunda. Sindinabadwe nalo, ndipo sindinalilandire kutchalitchi. Ndinalipeza ndekha Loweruka lina m'mwezi wa Meyi, pogwiritsa ntchito zikhomo, chingwe ndi mtima wabwino. (Pa zitatuzi, choopsa kwambiri chinali mtima wabwino.)

Ine ndinaphunzira ntchito yolemba nkhani, ndipo ndinagwirapo kunyuzipepala ina ku Blantyre ndisanabwerere ku Mwanza boma komwe ndikukhala ndi banja langa. Ntchito ija inandisiyira matenda awiri. Oyamba ndi okonda mfundo zenizeni. Munthu akanena pa minibasi kuti Zambezi ndiye mtsinje wautali kuposa yonse mu Africa, ine sinditsika mpaka nditamukonza. Achiwiri ndi jekete yakhaki, yopanda manja, yamatumba ambirimbiri, ija atolankhani timaikonda. Akunyumba anayesa kuibisa pansi pa sutikesi, anayesa kuichapa ndi madzi otentha kuti ifupike, koma idakalipo.

Tinapita kumudziko kukathandiza apongozi anga kututa chimanga. Tili m'njira, pa kabaza, akunyumba anandikumbutsa malamulo. Anati kwawo uko ine ndine mkamwini, ndipo ntchito ya mkamwini ndi kudya, kuthokoza, ndi kuseka pomwe ena aseka. Za malo, za mitengo, za ziweto, mkamwini alibe pakamwa. Ndinawayankha kuti ine si mwana. Iwo anangoyang'ana jekete ija.

Titafika ndinapeza Esinati, mwana wa mkulu wawo wa akazi anga, atakhala kuseri kwa khitchini ndi mabuku. Anali mu Fomu 4, mayeso ali pafupi, ndipo Jogalafe ndi Hisitole zinkamusowetsa mtendere. Ankaloweza mawu ngati nyimbo yakwaya. Ndinamufunsa kuti ikweta n'chiyani, ndipo anayankha mosapuma kuti ndi mzere wongoganizira wogawa dziko lapansi pakati. Ndinamufunsa kuti mzerewo uli kuti. Anaganiza pang'ono, nati uli chakumapeto kwa buku, pafupi ndi chithunzi cha phiri lophulika. Latichudi ndi longichudi ankazisinthanitsa ngati masilipasi. Za momwe azungu anagawanirana Africa ankadziwa chaka chake, koma nditamufunsa kuti kugawanako kunachitika bwanji, anati aphunzitsi sananene kuti zimenezo zibwera.

Mtima wanga unandiwawa. Ndinamuuza kuti mawu oterewa saloweza, amawaponda ndi mapazi. Ndinamulonjeza kuti mawa lake ndimujambulira Africa yense pansi, wamkulu woti munthu n'kuyendamo, kuti akadzafika m'chipinda cha mayeso miyendo yake idzamukumbutse.

Amene mumadziwa kwa Kanduku mukudziwa kuti kumeneko dziko ndi la zitunda ndi zigwa. Kupeza malo athyathyathya ndi mwayi. Koma ine ndinawapeza, kungotuluka kuseri kwa khola la apongozi: kamalo kosalala bwino, udzu wake wometedwa ndi mbuzi, kopanda mzere ngakhale umodzi. Mbali ino kunali munda wa apongozi, mbali inayo munda wa aneba awo, a Fenando, ndipo m'mphepete mwa munda wa a Fenandowo munali mtengo waukulu wa manachesi utabereka mochita kuwerama.

Apa ndikuuzeni zomwe ine ndinazidziwa mochedwa, kuti inu musavutike ngati ine. A Fenando anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ali mnyamata, ndipo malemu agogo a akazi anga anawapatsa pokhala ndi polima. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, iwo anatsala, nakwatira, nabereka. Agogo aja atamwalira panabuka mkangano wakuti munda wa a Fenando umathera pati. Unali mkangano waukulu, woti mabanja awiriwa anasiya kupemphana moto. Pomaliza anagwirizana kuti kamalo kapakati kaja pasalime munthu, pasakhomedwe kanthu, pazidya mbuzi za mabanja onse awiri. Mtendere wa zaka zambiri unagona pa udzu umenewo. Koma a Fenando mantha sanawachoke, poti munthu wopatsidwa malo amagona khutu limodzi lili panja.

Kunyuzipepala anatiphunzitsa kuti nkhani iliyonse imayamba ndi mafunso: ndani, chiyani, liti, kuti, chifukwa chiyani. Ine ndinaona malo achonde, osalala, osalimidwa, pakati pa anthu omwe amalima mpaka pamwamba pa miyala, ndipo sindinafunse funso ngakhale limodzi. Esinati anayesa. Anati, "Ankolo, apatu zololedwa ndi mbuzi zokha." Ine ndinaganiza kuti mtsikana wa sekondale akunyansidwa ndi zitosi, ndipo ndinamuuza kuti maphunziro safuna ulemu wa nsapato.

M'mawa wa Lowerukalo, anthu onse atapita kukatuta kumunda wakumtunda, ine ndinapempha kutsala chifukwa cha ntchito ya sukulu. Ndinasema zikhomo za bulugama. Ndinatenga chingwe chachitali chija apongozi amabzalira chimanga. Ndinatapa phulusa kukhitchini lojambulira mizere. Kuti zikhomo zizioneka patali, ndinang'amba jumbo yofiira n'kumangirira kansanza pamutu pa chilichonse. Kenako ndinavala jekete yanga, cholembera kukhutu, foni m'manja itatsegulidwa pa kampasi kuti kumpoto kukhale kumpoto kwenikweni. Esinati anaitana anzake awiri a m'kalasi mwake, ndipo ntchito inayamba.

Ndinene mosadzichepetsa kuti Africa uja anatuluka bwino. Nyanga ya ku Somaliya inaoneka. Madagasika ndinamuika pa kachulu. Ndinakoka mzere wa Giriniwichi kuchokera kumpoto, kudutsa pa Ghana, n'kukathera pa mzati wa khola la apongozi. Nditafika pa ikweta zikhomo zinali zitatha. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo ndinaona mtengo wa manachesi uja utaima pamalo oyenera, ngati kuti Mulungu anaubzala poganizira Jogalafe. Ndinakoka chingwe kudutsa Gaboni, Kongo, Uganda ndi Kenya, ndinachizunguliza pa thunthu la mtengowo, ndi kumanga mfundo yolimba. Mwa njira imeneyi nthambi zonse zobereka kwambiri zinagwera mbali ya apongozi anga. Ine sindinaone zimenezo. Ndinaona nyanja ya Indiya.

Ntchito ili mkati, anthu anayamba kudutsa. Mayi wina wochokera kumjigo anatsitsa ndowa, anandipatsa moni waulemu kwambiri, anayang'ana zikhomo, anayang'ana jekete, nasenza ndowa yake n'kubwerera komwe anachokera. Mkulu wina wanjinga anatsika, anavula chipewa, anaima nthawi yaitali akutiyang'ana. Ine ndinasangalala. Ndinauza atsikana aja kuti aone momwe anthu akumudzi aliri ndi ludzu la maphunziro. Ndinakweza mawu kuti nawonso apindule. Ndinkayenda ndi mapazi aatali, kuwerenga mokweza, kuyang'ana pafoni, kuloza chala, Esinati n'kumakhoma pomwe ndaloza. Amene munaonapo anthu oyeza malo akabwera kumudzi, chithunzicho mwachiona kale.

Titamaliza Jogalafe tinalowa Hisitole. Ndinafotokoza kuti azungu anakhala pa msonkhano ku Berlin, kutali ndi kuno, nagwirizana za kagawidwe ka Africa popanda mwini dziko ngakhale mmodzi pa tebulo. Kuti zimveke, ndinaika mtsikana mmodzi kukhala Mngelezi, wina Mfalansa, Esinati Mpwitikizi, ndipo aliyense ndinamupatsa phulusa kuti adule gawo lake. Anadula mokondwa, akukangana, wina akuti apa ndi panga, wina akuti ndafika kale. Panthawiyi ndinaona nkhope ya mayi wachikulire ikusuzumira kuseri kwa nkhokwe ya a Fenando. Ndinawakwezera dzanja. Nkhopeyo inabwerera msanga.

Dzuwa litafika pamutu tinapita kukadya. Zikhomo ndinazisiya, poti madzulo tinkafuna kubwereza.

Woyamba kundipeza anali alamu anga a Bizweki, mchimwene wawo wa akazi anga, munthu yemwe chikwatirireni sanandiyamikirepo kanthu. Analowa pabwalo akumwetulira, anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati mbiri yawapeza kumunda. Anati iwo ankadziwa kuti tsiku lina sukulu yanga idzathandiza banja lino.

"Alamu, ife takhala tikuopa zaka zonsezi. Inu m'mawa umodzi basi. Ndiye chingwe chija mwachikoka ndi foni?"

Ndinawauza kuti inde, ndi kampasi, ndipo sichingalakwike. Anafunsa ngati munthu angachisunthe. Ndinaseka, ndinati ikweta sasuntha munthu, ngakhale boma silingathe. A Bizweki anagwedeza mutu mokhutira, anandiwonjezera ndiwo m'mbale, natuluka mofulumira. Ndinamva akufunsa mwana wina komwe kuli khasu lalikulu. (Ndinaganiza kuti akupita kukakumba mbatata. Mwezi wa Meyi, zinali zomveka.)

Wachiwiri kundipeza anali akunyumba. Iwo sankamwetulira. Anaima pakhomo, mpango uli m'manja, nandifunsa mwa mawu otsika kwambiri kuti ndachita chiyani kuseri kwa khola. Ndinayamba kufotokoza za latichudi. Anati ndisiye mbale ndiwatsate.

Zomwe ndinaona kumsipu kuja sindidzaziiwala. Kumwera kwa ikweta, chapakati pa Angola, a Bizweki anali atayamba kale kuunga mizere, thukuta lili kamukamu. Pamtengo wa manachesi panali mayi Fenando, munthu wa zidzukulu, atakwera pa mpando, akuthyola zipatso zonse za mbali yomwe inadutsa chingwe. Zinali zosapsa, zobiriwira ngati masamba ake, ndipo madengu awiri anali atadzaza kale. Anaona kuti ngati mbali imeneyo yapita, bola apulumutse zomwe angathe. Mwana wawo wamwamuna anali atafika pa njinga yamoto kuchokera ku Thambani komwe amagulitsa mu golosale, atamuimbira foni kuti boma labwera kudzawachotsa. Anthu anali atazungulira Africa yense, kuyambira ku Iguputo mpaka ku Kepu, koma palibe yemwe anaponda mkati.

A Fenando eni ake anakhala pa chitsa, chipewa chili pabondo. Ndi munthu wamtali, wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chinyungwe apo ndi apo. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anandipatsa moni, anafunsa za ana ku boma, kenako anati iwo anamva kalekale kuti mkamwini wa pano ndi munthu wa maofesi. Anati akungopempha chinthu chimodzi, kuti ngati pepala latuluka, awapatse nthawi yokolola, chifukwa kwawo komwe anachokera kulibenso yemwe angawadziwe.

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Ine ndinachita zomwe ndimachita ndikapanikizika: ndinatulutsa mfundo. Ndinafotokoza kuti palibe pepala, palibe boma, ndipo chingwecho si malire. Malire enieni, ndinatero, monga athu ndi Mozambiki kuno ku Mwanza, amatsata msana wa mapiri pomwe madzi a mvula amapatukana. Ichi ndi ikweta chabe, mzere wongoganizira.

A Fenando anayang'ana chingwe, anayang'ana mfundo yomwe ndinamanga pa mtengo wawo.

"Wongoganizira, bambo?"

"Eya, kulibe kwenikweni. Umangokhala m'mutu."

"Nanga wa m'mutu mwanuwo wamangidwa bwanji pa mtengo wanga?"

Wina kumbuyo anaseka, wina anamuletsa. A Bizweki anaimika khasu nanena kuti alamu asabwerere m'mbuyo, iwo amva ndi makutu awo kuti chingwechi ngakhale boma silingachisunthe. Ndinavomera kuti ndinanenadi zimenezo, koma ndinkanena za ikweta ya ku Kenya. Mwana wa a Fenando anafunsa kuti a ku Kenya akulowa bwanji pa nkhani ya munda wa bambo ake. Apa ndinazindikira kuti mfundo iliyonse yomwe ndikutulutsa ikukumba dzenje langa lomwe.

Kenako anthu anapatuka, ndipo apongozi anga anafika. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana, ndipo salankhulana mwachindunji pa nkhani zolemera. Choncho iwo anakhala pansi cha ku Moroko atandifulatira, ine ndinanjuta cha ku Tanzaniya nditayang'ana khola, ndipo akunyumba anaima pakati kunyamula mawu. Apongozi ankalankhula motsitsa, akunyumba n'kumabwereza mokweza, ngakhale kuti ndinkamva zonse bwinobwino.

Funso loyamba linali lakuti chingwe chawo chobzalira ndinachipempha kwa ndani. Lachiwiri linali lakuti mwa anthu onse a pamudzi pano, ndinafunsa ndani ndisanakhome chikhomo choyamba. Ndinayamba kunena kuti cholinga changa chinali chabwino, kuti mwanayu akhoze mayeso. Akunyumba anatembenukira kwa mayi awo nati, "Akuti sanafunse munthu." (Kunyuzipepala ntchito imeneyi timaitcha kudula nkhani, ndipo sindinaonepo mkonzi woidziwa ngati akazi anga.)

Apongozi anaitana Esinati, namufunsa ngati waphunzirapo kanthu pa zonsezi, poti akuti zachitika chifukwa cha iye. Mtsikanayo anagwada, phulusa lidakali m'manja. Anati waphunzira ikweta, waphunzira kuti latichudi imagona pomwe longichudi imaima, ndipo waphunzira utsamunda. Anamuuza kuti afotokoze womalizawo, anthu amve. Ine ndinatukula mutu pang'ono, ndi kachiyembekezo ka mphunzitsi.

"Utsamunda ndi pamene mlendo wafika pamalo pa eni ake, osafunsa, n'kuyamba kudula mizere, eni akewo n'kuyamba kudana."

Woyamba kuseka anali a Fenando. Anaseka mpaka chipewa chinagwa pabondo, akupukuta misozi, ndipo anthu onse anatsatira. Mapewa a apongozi anga, omwe ndinkawaonera pakona ya diso, ankagwedezeka. Mwa mayankho onse omwe ndinamvapo pa mutu umenewu, limeneli linali lolondola kwambiri, ndipo chitsanzo chake chinali chitanjuta pomwepo chitavala jekete yakhaki.

Chigamulo chinabwera kudzera mwa akunyumba. Zikhomo ndizule ndekha, mabanja onse awiri akuona. Chingwe ndimasule ndi manja anga, ndipepese kwa mwini mtengo. A Bizweki afafanize mizere yawo, abwezere udzu momwe angathere. Phulusa lisesedwe. Ndinayamba ku Kepu kukwera kumpoto, chikhomo chimodzichimodzi, ana akundiimbira m'manja pa dziko lililonse lomwe lalandira ufulu. A Bizweki ankagwetsa mizere yawo akung'ung'udza kuti anthu ophunzira ndi osadalirika, amayamba zinthu zomwe sangazimalize.

Nditamasula mfundo ija ndinapita kwa a Fenando ndi nkhuku yomwe akunyumba anandigwirira, ndipo nthawi ino sindinatulutse mfundo ina iliyonse. Ndinagwada, ndinapepesa. Iwo analandira nkhukuyo, anati pronto, zatha, mbuzi zibwerere pamalo pake. Koma mayi Fenando sanaseke nawo. Manachesi aja akanapsa akanawagulitsa kwa oyenda pamsewu wa ku boma, ndipo chipatso chothyoledwa sichibwerera mumtengo. Anakoka madengu awiri aja, anawaika patsogolo panga, nati popeza athyoledwa chifukwa cha sukulu yanga, ndiwatenge ndikadye ndi ophunzira anzanga. Akunyumba anayankha m'malo mwanga kuti tawalandira, ndipo kuti za phindu lomwe latayika tikambirana ngati anthu, mayi ndi mayi, ine kulibe.

Madenguwo tinakwera nawo mpaka ku boma. Akunyumba analamula kuti palibe nachesi lotayidwa. M'mawa uliwonse ndinkapeza awiri pambali pa kapu ya tiyi, atasendedwa kale kuti ndisapeze chifukwa. Amene simunadyepo nachesi losapsa, dziwani kuti limakoka masaya mpaka makutu amamva. Ndinadya mpaka mano anayamba kuopa mphepo. Ndikakwinya nkhope, iwo ankandiuza mokoma mtima kuti ndisadandaule, kuwawako n'kongoganizira.

Esinati analemba mayeso ake, ndipo anabwera kudzandiuza kuti Hisitole inamuyendera. Akuti atafika pa funso la kugawana kwa Africa anaseka m'chipinda cha mayeso mpaka woyang'anira anamuyang'ana. Pamsipu paja mbuzi za mabanja awiri zikudya limodzi monga kale. A Fenando akandiona amandifunsa ngati a ku Kenya ali bwino.

Ine ndinaphunzira kuti malo osalala omwe palibe akuwalima ali ndi mbiri, ndipo mbiriyo imafunsidwa chikhomo chisanalowe pansi. Ndinagula mpira wa dziko lapansi wopopa ndi pakamwa, ndipo ana a aneba ndimawaphunzitsira pa tebulo, m'nyumba yanga, momwe ndili ndi pakamwa. Kungoti pa mpira wotere Malawi amabisika ndi chala chimodzi, ndipo mwana sangayendemo. Sabata yatha, tikutuluka m'tchalitchi, ndinaona bwalo lakuseri kwa nyumba ya abusa, lalikulu, losalala, lopanda mzere ngakhale umodzi, loti Asiya yense n'kukwanamo. Ndinangoima pang'ono kuliyang'ana. Titafika kunyumba ndinapeza akunyumba akumasula chingwe choyanikira zovala, n'kukachitsekera m'sutikesi, pamwamba pa jekete.